Mfuti Imene Inkalasa Miyala Yokha

Bakht Zamin anali mwini chigayo cha madzi cha ku Shinkat Banda, kumtunda kwenikweni kwa mapiri a ku Dir, kumene msewu umathera pa mlatho wa matabwa. Anali wamfupi, ndipo ndevu zake zinayera ndi ufa kuyambira ali mnyamata, moti imvi zitabwera palibe anazindikira. Phewa lake lamanja linali lotsikirapo kuposa linzake. Alendo ankati ndi matumba a chimanga anamupinda choncho, koma eni mudzi ankadziwa kuti ndi Ngamila.

Ngamila inali mfuti ya gogodera, yakalekale, yoti ukaiimika pansi inkafika m'chibwano mwa munthu wamtali. Mpope wake unali wochindikala ngati mpini wa khasu, womangidwa ndi mphete zamkuwa khumi ndi imodzi. Thabwa lake lakumbuyo linali lokhota ngati khosi la ngamila, ndiye pamene panachokera dzinalo. Kuwombera nayo uli chiimire kunali kosatheka. Kutsogolo kwake kunali timiyendo tiwiri tachitsulo, ndipo mwini ankayenera kugona chafufumimba kumbuyo kwake.

Mfutiyi inabwera kwa Bakht Zamin ndi maliro. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, amalume ake, a Zarawar, anakangana ndi a Mir Aslam pa nkhani ya ngalande yothirira minda. Anakokanakokana chaka chathunthu. Tsiku lina m'mawa a Zarawar anakwera pa denga la nyumba yawo ndi Ngamila, n'kulasa a Mir Aslam ali m'munda mwawo tsidya la mtsinje. Malemuwo anasiya mkazi ndi ana anayi. Wamkulu, Sherin Zada, anali ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Akuluakulu anakhala pabwalo masiku asanu ndi anayi. A Zarawar anawapitikitsa m'chigwamo moyo wawo wonse, munda wawo unapita kwa ana amasiye. Chinatsala ndi mfuti. Abale a malemu ankafuna kuti iphwanyidwe pamaso pa anthu.

"Mukaiphwanya, a kwa Zarawar adzati mwawavula kawiri, ndipo tidzakumbanso manda ena," anatero mkulu wina. "Mukawasiyira, ana a Mir Aslam azikula akuiona pakhoma la adani awo. Ipite kwa munthu wa mbumba ina."

Maso onse anagwera pa Bakht Zamin. Anali mwana wa mlongo wake wa wopha uja, koma bambo ake anali a fuko lina, ogayitsa, anthu oti mudzi wonse umawafuna ndipo alibe mdani. Anamuimika pakhomo pa mzikiti, dzanja lili pa Buku, n'kumulumbiritsa kuti masiku onse a moyo wake sadzaloza mfutiyo pa chinthu chopuma, kaya munthu, kaya nyama, kaya mbalame. Anaisenza kupita nayo kuchigayo.

Inakhala pakhoma zaka zitatu osaikhudza. Chimene chinamutsitsitsa mfutiyo ndi mpikisano wa pambuyo pokolola chimanga, pamene amuna a midzi isanu ya m'chigwamo ankasonkhana pa dambo la kumtunda kwa mlatho kudzawombera chandamale. Chandamale chake unali mwala wafulati, waukulu ngati thireyi ya tiyi, wopakidwa njereza, woimikidwa pa phiri la tsidya, mapazi mazana anayi kuchokera pogona owombera. Aliyense ankawomba katatu. Wopambana ankatenga nkhosa yamphongo, imene mwa mwambo ankaiphera anthu onse pomwepo, iye n'kutsala ndi chikopa ndi nduwira yatsopano.

Bakht Zamin anakafunsa kaye kwa shehe ngati mwala umapuma. Shehe anaseka n'kumuuza kuti apite.

Ulendo woyamba anathira onga wambiri. Ngamila inabangula, inamukankha phewa mpaka anatsetsereka chambuyo, chipolopolo chinakagwera kumene mbuzi zokha zimadziwa. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo mkono wake unakhala mu nsalu milungu itatu. Koma usiku ndi usana ankangoona kamwala koyera kaja m'maso mwake.

Kuyambira pamenepo anayamba kuiphunzira mfutiyo ngati mmene munthu amaphunzirira ng'ombe yamakani. Anadula nsonga ya nyanga ya mbuzi kuti ikhale muyeso wa onga, n'kumaipala pang'onopang'ono mpaka anapeza mlingo umene Ngamila inkagwirizana nawo. Anaona kuti mpope ukazizira chipolopolo chimatsika, ukatentha chimakwera ndi kukhotera kumanzere. Mphepo ankaiwerenga pa utsi wa nyumba za tsidya ndi pa masamba a mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, chifukwa mphepo ya pamene wagona munthu ndi ina, ya pakati pa chigwa ndi inanso. Lachisanu lililonse akachoka ku mapemphero a swala ankatseka madzi a chigayo, n'kukawomba kawiri kapena katatu basi, pakuti onga unali wosowa.

Zipolopolo ankaumba mkazi wake, Gulandama. Poyamba mwamunayo ankasungunula yekha mtovu, koma zake zinkatuluka ndi timabowo. Tsiku lina Gulandama anamulanda chipande chachitsulo chija.

"Bambo a Spogmai, inu mumathira ngati mukuthirira anyezi. Tapatseni kuno."

Zake zinatuluka zosalala ngati mazira a nkhunda. Ankaziyesa chimodzichimodzi pa sikelo ya zonunkhiritsa ndiwo, chopepuka pang'ono n'kuchibwezera pamoto. Ankadulanso tinsalu tokulungira chipolopolo, n'kutinyika m'mafuta a mchira wa nkhosa. Kumpikisano akazi sankapita. Iye ankakhala pa denga akuyanika mabulosi, n'kumamvetsera. Liwu la Ngamila ankalidziwa pakati pa mfuti makumi atatu, ndipo likalira ankayembekeza ngati ng'oma iyankhe, chifukwa ng'oma inkalira pokhapokha mwala ukalasidwa.

Chaka chachisanu ndi chimodzi ng'oma inayankha katatu. Bakht Zamin anabwera kunyumba ndi chikopa paphewa.

Lumbiro lake linayesedwa kamodzi mwamphamvu. Chaka china cha chisanu choopsa, mimbulu inatsika m'mapiri. Masana enieni umodzi unalowa pakhola pake n'kugwira mbuzi yamkaka, imene inkamwetsa ana ake awiri. Ngamila inali yothirathira, poti linali Lachisanu. Anaitsitsa pakhoma, anafika nayo mpaka pakhomo, mmbulu uli apo ukukoka mbuzi pa chipale chofewa, pafupi poti ngakhale wakhungu akanalasa. Anaima. Kenaka anatsamiritsa mfuti pakhoma, n'kutola chikuni ndi kuthamangira mmbuluwo akukuwa. Mbuzi inapita.

Kwa mwezi wathunthu amuna ankamuseka kunyumba ya alendo kumene ankachezera. "Mimbulu yauzana kuti kwa Bakht Zamin n'kwaulere. Ukangopewa kudzipaka njereza, wapulumuka."

Gulandama sanaseke ndipo sanamudzudzule. Anangoti, "Ana amwa tiyi wopanda mkaka mpaka chisanu chithe. Mukawauze nokha chifukwa chake." Iye anawauza.

Nthawi yonseyi Sherin Zada, mwana wa malemu uja, ankakula. Chimanga cha kwawo chinkagayidwa kuchigayo cha mudzi wina, ulendo wa maola awiri. Akakumana panjira ndi Bakht Zamin ankapereka moni wa Mulungu basi, maso ali kumbali. Atakula anapita ku Karachi kukayendetsa malole, ndipo anakhalako zaka makumi awiri. Anabwerako ali ndi mimba, mano awiri agolide, ndi pakamwa posatopa.

Anapeza mpikisano utasintha. Anyamata anali atagula mfuti zamakono zokhala ndi magalasi, zoti mwala uja ankaulasa akutafuna chingamu. Akuluakulu anagawa tsikulo pawiri: m'mawa za makono, masana za gogodera. Owombera za gogodera anatsala asanu ndi awiri okha, koma anthu ankadikira iwowo, chifukwa cha utsi, phokoso, ndi kanthawi kaja kamene chipolopolo chimakhala chili m'njira, munthu n'kupuma kamodzi chisanafike.

Sherin Zada anaonerera chaka chimodzi. Chaka chotsatira anabwera ndi gogodera yakeyake, imene anakaigula kutali kwa osula mfuti, yokongoletsedwa ndi zigoba zonyezimira. Anayala mkeka wake pafupi ndi wa Bakht Zamin. Anthu onse padambopo anatembenukira kwa iwo.

"Lala," anatero, kumutchula ngati mkulu wake koyamba m'moyo, "tasunthani pang'ono. Ufa wanuwo ungandilowe m'maso, mudzati ndinaphonya ndekha."

Bakht Zamin anasuntha. "Malo alipo. Koma mimbayo muiika pati? Pansi pano sitinakumbe dzenje."

Wina anayamba kuseka, ena n'kutsatira. Tsiku limenelo Sherin Zada anaphonya katatu konse.

Anapikisana zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Bakht Zamin anatenga nduwira kasanu ndi kawiri, Sherin Zada kanayi, zaka zina n'kupita kwa ena. Ankanyozana kuyambira poyala mikeka mpaka pomaliza nyama. Sherin Zada ankati zipolopolo za Ngamila zimayenda pang'onopang'ono moti mwala ukanakhala ndi miyendo ukanapita kukamwa madzi n'kubwerera. Bakht Zamin ankayankha kuti mfuti ya mnzakeyo ndi mkwatibwi, yokongola koma yamanyazi, siyang'ana kumene akuilozetsa. Koma m'zaka zonsezo Sherin Zada sanakhudze Ngamila ngakhale ndi chala, sanaitchule dzina pamaso pa mwini wake kupatula ponyoza, ndipo chimanga chake chinkapitabe kuchigayo chakutali chija.

Bakht Zamin atakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu, ng'ala inayamba kumuphimba maso. Poyamba mwala unkaoneka ngati uli m'nkhungu. Chaka chinacho anauona ngati miyala iwiri, n'kulasa pakati pake. Chaka chachitatu anagona kumbuyo kwa mfuti nthawi yaitali, kenaka anadzuka n'kukhala tsonga.

"Phirilo ndikuliona," anatero. "Mwala sindikuuona. Sindiwombera chinthu chimene sindikuchiona. Kungakhale mbuzi ya munthu."

Palibe anamunyoza. Ngakhale Sherin Zada anangoyang'ana pansi, ndipo nduwira ya chaka chimenecho anailandira ngati akulandira mankhwala.

Chimanga chitachanso, kutatsala sabata kuti mpikisano uchitike, Bakht Zamin anali m'chigayo akusema mphero mongopapasa, pamene pakhomo panada. Anamva thumba likugwa pansi ndi munthu akupuma mwawefuwefu.

"Lala, mumagayabe, kapena nachonso chigayo simukuchiona?"

"Chigayo ndimachimva. Ndi inu, Sherin Zada? Mwasochera?"

"Bulu wanga wakalamba. Wakana ulendo wautali."

Bakht Zamin anatsegula madzi, mphero inayamba kuzungulira. Anakhala pakhonde, ndipo Gulandama anatumiza tiyi ndi mkate wa chimanga. Anakamba za mitengo ya feteleza, za mlatho umene unkafuna matabwa atsopano. Tiyi atatha, Sherin Zada anazunguza kapu m'manja kwa kanthawi.

"Chaka chino mubwera nayo?"

"Ndidzatani nayo?"

"Mubwere nayo. Ndikufuna ndiwombere ine."

Mphero inkangolira. Bakht Zamin anayesa kuona nkhope ya mnzakeyo, koma inali chimtambo chabe chokhala ndi ndevu.

"Ndakhala ndikuimva kuyambira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri," anapitiriza Sherin Zada. "Tsiku lija ndinali kuseri kwa nyumba ndikumanga ng'ombe. Ndinamva kulira kwake ndisanadziwe kuti kwachitika chiyani. Ku Karachi tayala la lole likaphulika, ndinkamva iyoyo. Ndagona pambali pake zaka zonsezi, ikalira ndimabwerera ku tsiku lija, ine n'kumaseka kuti anthu asaone. Ndakalamba, Lala. Ndikufuna ndiimve kamodzi ndili kumbuyo kwake."

"Ndamva," anatero Bakht Zamin. "Ndikuyankhani mawa."

Gulandama anali atamva zonse ali kuseri kwa khoma. Madzulo akuphika anati, "Mukufuna kupatsa mwana wa Mir Aslam mfuti yothira, inu muli pambali pake, wosaona. Amalume anu anafera kutali, magazi awo sanawapeze. Wapafupi ndani?"

"Akanafuna, ali nayo yake. Wagona nayo pafupi nane zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri."

"Yakeyo sinaphe bambo ake."

Gulandama anasonkhezera moto, kenaka anafunsa kuti mtovu wotsala uli pati. M'mawa mwake anaumba zipolopolo zisanu ndi zinayi, n'kusankhapo zitatu.

Tsiku la mpikisano, itafika nthawi ya gogodera, Bakht Zamin anaimika Ngamila, anathira onga ndi kanyanga kake, anaika kansalu ndi chipolopolo pakamwa pa mpope, n'kugogoda ndi chitsulo mpaka chinakhala. Zimenezi sizinkafuna maso. Atatha anatembenuka n'kuitambasula ndi manja awiri.

"Sherin Zada, nayi."

Oimba ng'oma anasiya kucheza. Ana aamuna a Sherin Zada anaimirira, nawonso akamwini a Bakht Zamin anaimirira. Sherin Zada anailandira, ndipo kwa kanthawi anangoima nayo, akuyang'ana mphete zamkuwa zija. Bakht Zamin manja anawasiya ali lende m'mbali.

"Ndi yolemera," anatero Sherin Zada.

"Muigoneke pansi, si mwana woti mumunyamule."

Anagona onse awiri pa mkeka umodzi. Bakht Zamin anafunsa kuti utsi wa tsidya ukupita kuti. Mnzake anati kumanja, pang'ono. Nanga masamba a kumtsinje? Akugwedezeka a pamwamba okha.

"Lozani m'mphepete mwa mwala chakumanzere, mukweze ngati zala ziwiri. Thabwalo mulikanikize paphewa, mukalinyengerera likuthyolani. Mukakhethemula musadzuke msanga, imachedwa kuganiza."

Ngamila inabangula, utsi unaphimba onse awiri. Ng'oma sinayankhe. Wina anakuwa kuti fumbi ladzuka pansi pa mwala, ngati mkono umodzi.

"Mwatseka maso," anatero Bakht Zamin.

"Mwaona bwanji inu akhungu?"

"Ndamva mkeka ukugwedezeka musanakhethemule."

Anathiranso. Ulendo wachiwiri Sherin Zada anakhala nthawi yaitali, akupuma pang'onopang'ono. Mfuti inalira, panadutsa kanthawi kaja, kenaka kuchokera tsidya kunamveka kuti khwa, ndipo ng'oma inayamba. Ngodya ya mwala inali itabenthuka.

Sherin Zada sanadzuke. Anakhala chigonere, chipumi chili pa thabwa la mfuti, mapewa akugwedezeka. Bakht Zamin sanamugwire, anangokhala pambali pake mpaka mnzakeyo anatha kulira. Anthu anayang'ana kumapiri.

"Chachitatu chilipo," anatero Bakht Zamin pambuyo pake.

"Chisungeni. Zakwana." Sherin Zada anapukuta nkhope ndi nsonga ya nduwira. "Komatu imakankha ngati bulu. Zaka zonsezi ndimati phewa lanulo munabadwa nalo."

Nduwira ya chaka chimenecho inapita kwa mphunzitsi wina wa mudzi wakumunsi, ndipo ndi ochepa amakumbukira zimenezo.

Chipale chofewa chisanatseke msewu, Sherin Zada anabwera ndi galimoto ya mwana wake, n'kunena kuti ku Timergara kwabwera madokotala ochotsa ng'ala. Bakht Zamin anakana kawiri, akuti maso ndi a Mulungu. Sherin Zada anati madokotalanso ndi a Mulungu, ndipo iye watopa kupambana anthu osadziwa kutukwana. Anapita. Diso lamanzere linachira bwino, lamanja linakana.

Choncho pa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zinayi Bakht Zamin anayamba kuphunzira kuwombera ndi phewa lamanzere. Zinamuvuta. Thabwa lokhota lija silinkamukhala bwino patsaya, ndipo chala chakumanzere chinali chaliuma. Anapikisananso zaka zinayi. Sanapambanenso, koma chaka chilichonse ng'oma inkamuyankha kamodzi, ndipo chaka china kawiri.

Chigayo cha injini chitafika kumsika, makasitomala ake anachepa mpaka anatsala okalamba okhaokha, amene ankati ufa wa injini umanunkha mafuta. Mmodzi wa iwo anali Sherin Zada. Ankabwera Lachiwiri lililonse ndi kathumba kochepa, koti mphero inkamaliza tiyi asanazizire, n'kukhala mpaka swala ya masana. Anamwalira ndi matenda a shuga m'nyengo ya mabulosi, ndipo Bakht Zamin anathandiza kunyamula maliro kuchokera kumzikiti mpaka kumanda, osalola kumulandira.

Chaka chimenecho anapita kudambo wopanda mfuti. Anakhala pa mpando wa zingwe pakati pa akuluakulu, akuuza owombera kumene mphepo ikupita, kaya amufunsa kaya ayi. Anachita zimenezo zaka zitatu. Anamwalira kumayambiriro kwa nyengo yachisanu, atadwala chifuwa masiku asanu, ndipo Gulandama anasamukira kwa mwana wawo Spogmai kumudzi wakumunsi, kumene anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi akulera zidzukulu ndi kukangana ndi mkamwini wake za kathiridwe ka mchere m'tiyi.